Za Kusamala Nyumba Zakale za m'Boma la Kasungu

Mau amene anawerengedwa pa Msonkhano wa Caka wa Bungwe, ndipo Komiti inabvomereza kuti alembedwe m'Lipoti lino.

 Nkhani imene yaikidwa pamaso pa msonkhano ndi ya nyumba zakale: machalichi, masukulu, nyumba za Boma ndi zomanga zina zimene makolo anasiya m'boma lino la Kasungu. Ena angadabwe kuti Bungwe limene nchito yace ndi kuthandiza odwala, amasiye ndi ana a sukulu, litaye nthawi pa makoma ndi madenga. Yankho lace ndi lakuti nyumba zimenezi ndi zamasiye nazonso. Amene anazimanga anapita, amene amadziwa kamangidwe kace atsala owerengeka, ndipo nyumba siilira kuti anthu aimve. Imangodontha mwakacete-cete kufikira tsiku limene khoma ligwa.

Mfundo ya mau ano ndi imodzi yokha. Kawiri-kawiri nyumba yakale imaphedwa ndi zinthu zazing'ono zimene zinasiyidwa caka ndi caka, cifukwa panalibe munthu wodziwika amene nchito yace inali kuziona. Msomali umodzi wozuka, ngalande imodzi yotsekeka, kamtengo kamodzi komera pa khoma, ndizo ciyambi ca mabwinja ambiri. Kumanganso nyumba yakugwa kumafuna ndarama zimene Bungwe ngati lino silingazipeze. Koma kuiletsa kuti isagwe kuli m'manja mwa anthu wamba, ngati agwirizana za munthu woyang'anira, za nthawi yoyendera, ndi za kathumba kocepa.

ZIMENE KASUNGU ANATAYA NDI ZIMENE ALI NAZO

Mu September 1863 Dr David Livingstone, pocokera ku Nkhotakota, anafika pa mudzi wa Mfumu Mwase pafupi ndi phiri la Kasungu. Anaupeza mudziwo uli m'kati mwa linga, utazingidwa ndi mitengo yaitali ya mtundu wa nkhadze, ndipo kutalika kwa mitengoyo kunamuonetsa kuti anthu anakhalapo zaka zambiri. Kumapeto kwa 1895 asilikari a Boma la Britain, motsogozedwa ndi Alfred Swann ndi Lieutenant Edward Alston, anathira nkhondo Mwase Chibisa nalanda mudzi wace, ndipo pambuyo pace anamanga linga lao limene analicha Fort Alston. Mwana wa sukulu akafunsa lero kuti malinga awiriwa anali otani, makomo ace anali angati, ndi kuti bwalo la mirandu linali pati, ambiri angamuuze maina okha. Umo ndimo mbiri imathera pamene cooneka ndi maso cacoka.

Zina zikalipo. Mu 1900 Dr George Prentice wa Mishoni ya Livingstonia anatsegula siteshoni ya Kasungu pa Chilanga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1920 siteshoniyo inaperekedwa kwa Mishoni ya Dutch Reformed Church, ndipo tsopano iri pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya C.C.A.P. Pa Chilanga pomwepo ndi pamene mnyamata Kamuzu Banda anapitiriza maphunziro amene anayamba pansi pa mtengo wa kacere ku Mtunthama, asananyamuke ulendo wace wa pansi wa ku Southern Rhodesia ndi South Africa ca m'ma 1915. Iye yemweyo atakhala Pulezidenti anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, ndi nyumba yace ya Nguru ya Nawambe, imene dzina lace likumbutsa malo amene Acewa a Mwase anagonjetsera nkhondo ya Angoni.

Kumadzulo kwa boma lino kuli zomanga zakale koposa izi. Mu 1922 anthu anasamutsidwa ku dera limenelo cifukwa ca nthenda ya kaodzera. Deralo linakhala nkhalango yosungira nyama mu 1930, ndipo mu 1970 linasanduka Kasungu National Park. M'menemo muli mabwinja a midzi ya malinga, ndi ng'anjo zadothi zimene makolo ankasungunulira citsulo ca makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ng'anjozo ndi umboni wakuti luso la kumanga ndi la kusula linalipo m'dziko lino mzungu asanafike.

Msonkhano usaiwalenso nyumba za fodya. Colonial Development Corporation inayamba minda ya fodya wa kampopi ku Kasungu mu 1950, ndipo m'zaka zotsatira ufulu wa 1964 kunabwera Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi maesiteti ambiri. Mabalani a njerwa oochera fodya, nyumba zosankhira ndi nyumba za matenanti ndi mbiri ya anthu zikwi-zikwi amene anacoka ku maboma ena kudzagwira nchito pa cigwa cino. Palibe amene anganene kuti onse asungidwe. Koma kukakhala kusowa nzeru ngati onse atatha osatsalako ngakhale amodzi oti adzukulu adzaone.

ADANI A NYUMBA YAKALE

Mdani woyamba ndi wamkulu ndiye madzi. Mvula imene imagwa ku Kasungu pa caka iri pafupi ndi mamilimita 800. Denga la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi limalandira malita 160,000 pa dzinja limodzi, ndiwo madiramu 800 a malita 200. Madzi onsewa ayenera kupita kwina. Ngati malata ali olimba ndipo ngalande ziri zotseguka, amapita ku dambo. Ngati lata limodzi laboola ndi dzimbiri, kapena msomali wazuka ndi mphepo ya October, madzi amalowa pamwamba pa khoma natsika m'kati mwace. Nyumba zambiri za nthawi ya mamishoni zinamangidwa ndi njerwa zoocha zolumikizidwa ndi matope, kapena ndi njereza yosakaniza ndi mcenga, popeza simenti inkacokera kunja kwa dziko ndipo inali yodula. Khoma lotere limakhala zaka zoposa 100 likakhala louma. Likanyowa m'kati, matope amasungunuka, njerwa zimasiyana, ndipo mng'alu umayamba.

Madzi ena amacokera pansi. Amakwera m'njerwa monga momwe palafini amakwerera cingwe ca nyali, ndipo amafika pafupi mita imodzi kucokera pa nthaka. Pokwera amanyamula mcere wa m'dothi. Pouma, mcerewo umatsala m'njerwa, nuifufuta kufikira nkhope ya njerwayo iyoyoka ngati ufa. Aliyense amene anaonapo khoma lodyeka m'munsi, pamene pamwamba pali bwino, anaona nchito ya madzi amenewa. Bvutoli limakula pamene anthu aunjika dothi, zinyalala kapena mabedi a maluwa mogundana ndi khoma, kapena pamene khonde limene linkachinga mvula lagwa osadzutsidwanso.

Mdani waciwiri ndi ciswe, ndipo cimatsata cinyezi. Cimaumba tinjira ta dothi pa khoma, kapena cimayenda m'kati mwa matope omangira, kufikira cipeza mitanda ndi mapaso a denga. Cimadya m'kati mwa mtengo nkusiya khungu la kunja, kotero kuti mtanda umaoneka wamoyo pamene uli cikungwa cabe. Mmisiri wodziwa amaugogoda ndi mpini wa hamala namva kulira kwace; koma kuti acite zimenezi ayenera kukwera m'denga, ndipo m'nyumba zambiri zakale mulibe amene wakweramo kwa zaka zambiri, kupatula mileme imene ndowe zace zimasunga cinyezi pa siling'i.

Mdani wacitatu ndi mizu. Kacere amene amalemekezedwa ku Mtunthama ali ndi abale ace amene amapasula nyumba. Mbalame zimadya zipatso zace nkusiya njere m'mng'alu wa khoma kapena pa cumuni. Kamtengo kamamera, katambasula mizu pakati pa njerwa, ndipo mizuyo ikamanenepa imakankha khoma monga mphanda. Kamtengo ka caka cimodzi kamazulidwa ndi zala ziwiri. Ka zaka 10 sikazulidwa popanda kugwetsa mbali ya khoma.

Mdani wacinai ndi munthu. Nyumba ikangotsekedwa nkukhala yopanda anthu, poyamba amacoka magalasi, kenaka zitseko ndi mafelemu ace, kenaka malata, ndipo potsiriza njerwa zimayenda usiku pa ngolo. Moto wa osaka mbewa wa September ndi October umamaliza zotsala pamene udzu sunalambulidwe. Munthu wotenga lata limodzi amaganiza kuti watenga kanthu kocepa pa cinthu copanda mwini. Sadziwa kuti watsegulira madiramu a madzi aja njira.

KUKONZA KUMENE KUMAONONGA

Pali bvuto lina limene limacokera kwa anthu a mtima wabwino. Mpingo kapena komiti ya sukulu ikaona khoma likuyoyoka, imasonkha ndarama nigula simenti, nimata khoma lonse kuti likhale losalala. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu nyumba imaoneka yatsopano. Koma khoma lakale linamangidwa kuti lizipuma: madzi olowa m'dzinja ankaturuka m'cilimwe kudzera m'matope ndi m'njereza. Pulasitala wa simenti ndi penti wa mafuta amatseka njira imeneyi. Cinyezi cimatsekeredwa m'kati, cimakwera pamwamba koposa kale, ndipo njerwa zimaola kuseri kwa pulasitala kufikira iye agwa m'zigamba zazikuru atanyamula nkhope za njerwa. Pansi pa simenti wothiridwa m'nyumba imene kale inali ya njerwa zoyala kapena yozira pamacitanso cimodzi-modzi, pakuti cinyezi ca m'nthaka cimasowa poturukira nicithawira ku makoma.

Lamulo la amisiri odziwa nyumba zakale ndi lakuti comangira cikhale cofewa kuposa njerwa, kuti cikafuna kuonongeka cionongeke ndi comangira cimene cimabwezeredwa mosabvuta, njerwa itsale. Pamene panali matope pabwerere matope, pamene panali njereza pabwerere njereza. Akatswiri a maiko ambiri amene anasonkhana ku Venice mu 1964 anagwirizana mfundo zofanana ndi izi: kuti cofunika coyamba ndi cisamaliro cosalekeza, kuti zipangizo zoyambirira zilemekezedwe, ndi kuti nyumba yakale imasungika bwino pamene ikugwira nchito yothandiza anthu.

Palinso mtima wokonda zatsopano. Mpingo ukakula umamanga chalichi cacikuru pambali pa cakale, ndipo zimenezi nzoyamikika. Koma tsiku limene mabenchi asamutsidwa, cakale cimaiwalika. Wopereka ndarama zomangira nyumba yatsopano amalembedwa dzina pa mwala, ndipo alendo amaomba m'manja. Wocotsa masamba m'ngalande za padenga caka ndi caka salembedwa pena paliponse, ngakhale kuti nchito yace ndiyo imasunga nyumba.

AMISIRI NDI ZIPANGIZO

Chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott amene sanaphunzire za kumanga, pamodzi ndi anthu a dziko lino amene anaumba ndi kuocha njerwa pa malo pomwepo. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene inayamba mu 1894, inaphunzitsa omanga ndi akalipentala amene anafalikira m'dziko lino ndi m'maiko oyandikana nalo. Amisiri amenewo ankadziwa kuumba njerwa zamaonekedwe osiyana-siyana, kumanga makomo okhota opanda citsulo, ndi kuzimitsa njereza m'dzenje kuti ikhwime isanagwiritsidwe nchito. Mnyamata wophunzira kumanga masiku ano amaphunzira makamaka za simenti ndi mabuloko, cifukwa ndiko kuli ganyu. Palibe womuweruza, koma akapatsidwa khoma la 1910 adzalikonza ndi cimene akudziwa.

Zipangizo nazo zabvuta. Mitanda ya nyumba zakale kawiri-kawiri inali ya mitengo yacilengedwe yolimba monga mlombwa ndi mbawa. Anthu a Kasungu akudziwa bwino kumene nkhalango zao zinapita: ku minda yatsopano, ku mabalani a kampopi amene amadya nkhuni zambiri, ku zigafa za fodya wa bale zimene zimafuna mitengo caka ndi caka, ndi ku mauvuni a njerwa. Tsopano wofuna kubwezera mtanda amapeza bulugama kapena paini, zimene ciswe cimazidya msanga ngati sizinapakidwe mankhwala. Pofuna kupulumutsa mitengo yotsala, mu 2018 Boma linaletsa njerwa zoocha pa nchito zomanga za Boma ndi zamalonda. Lamulolo ndi la phindu pa nkhalango, ndipo likuonjezera cifukwa cosungira njerwa zakale: njerwa iri yonse yakugwa pa khoma lakale itoledwe, itsukidwe, isungidwe pouma, popeza ina yofanana nayo m'kukula ndi m'kufewa siidzapezeka pa msika. Mwala wa laimu, mwamwai, ulipo m'boma lomwe lino, ku dera la Wimbe kumene kuli fakitale ya simenti. Cosowa ndi anthu odziwa kugwiritsa nchito njereza pomanga.

MWINI NDANI?

Funso ili ndilo phata la mabvuto onse. Dziko lino linakhala ndi lamulo loteteza zinthu zakale mu 1965. Dipatimenti ya Antiquities inakhazikitsidwa mu 1967. Ndipo mu 1990 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Monuments and Relics Act. Nchito imeneyi tsopano iri m'manja mwa Dipatimenti ya Museums and Monuments. Lamulo limaletsa kugwetsa kapena kusintha cinthu cotetezedwa popanda cilolezo ca Boma. Koma lamulo silikwera pa denga. Nyumba za mishoni ndi za Sinodi. Ng'anjo za m'paki ziri pansi pa oyang'anira nyama za kuchire. Nyumba zakale za pa Boma ziri m'manja mwa maunduna ndi Khonsolo. Mabalani ndi a eni maesiteti. Malo a malinga ndi manda a mafumu ali pansi pa Mafumu. Dipatimenti imodzi iyenera kuyang'anira dziko lonse, kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje.

Cotsatira cace ncakuti aliyense amaloza mnzace. Mwini nyumba amati popeza ndi cinthu ca mbiri, Boma lidzakonza. Boma limati popeza nyumba iri ndi mwini, mwiniyo akonze. Anthu a m'mudzi amati ndi za azungu, kapena za Mishoni, kapena za Kamuzu, naiwala kuti amene anaponda matope, anasenza njerwa ndi kuceka matabwa anali agogo ao. Mbusa, mphunzitsi wamkuru ndi Bwanamkubwa wa boma amasinthidwa patapita zaka zocepa, ndipo wobwera kumene sapeza buku lomuuza kuti denga linakonzedwa liti, ndi kuti mng'alu wa ku khoma la kum'mawa unayamba caka canji. Pamene onsewa akulozana, mvula siidikira.

NDARAMA NDI NYENGO

Ndarama za Kasungu zimayenda ndi fodya. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa ca m'ma April, ndarama zimaoneka m'midzi ndi m'mipingo kufikira August. Pofika October zambiri zapita ku feteleza, ku ngongole ndi ku fizi ya ana. Nyengo yokonza nyumba ndiyo miyezi youma ya July kufikira October, koma kudontha kumakumbukiridwa mu January, pamene mabeseni ayalidwa pansi, m'thumba mulibe kanthu, ndipo anthu ali pa kalikiliki wa kupalira ndi kuthyola fodya. Mvula ikatha, denga limaleka kudontha, ndipo nkhani imagona kufikira dzinja lina. Nyumba zambiri zaphedwa ndi kusemphana kumeneku kwa nyengo ya ndarama ndi nyengo ya kukumbukira.

Kusunga ndarama zaka zambiri podikira nchito yaikuru kuli ndi ngozi yace. Mu November 2023 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo makomiti amene anasunga ndarama za malata 100 anapeza kuti sizingagulenso malata amenewo. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno ukhudzanso thumba la zomanga. Malata 5 ogulidwa ndi kukhomedwa caka cino aposa lonjezo la denga lonse limene likudikira wopereka thandizo wa kutsidya la nyanja. Othandiza akunja, akabwera, amapereka ndarama za nchito imodzi yooneka, ndipo akacoka sipatsala thumba la caka ndi caka. Nyumba yokonzedwa ndi ndarama zambiri imayambanso ulendo womwe uja wa kuonongeka.

NYUMBA YOKHALAMO ANTHU

Akulu anati ciswe cimalowa m'mphasa yongoimika. Nyumba zakale za dziko lino zimene zasungika bwino ndi zimene sizinaimikidwe. Mandala House ku Blantyre, imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yakhala zaka zambiri ikusunga mabuku a Society of Malawi ndi kulandira alendo. Nyumba ya Consul wa Britain ku Zomba, ya m'zaka za m'ma 1880, inasanduka nyumba ya alendo. Stone House ya Dr Robert Laws ku Livingstonia, ya 1903, inapatsidwa nchito yosunga zinthu zakale ndi kugoneka alendo. Chalichi cacikuru ca St Peter pa cilumba ca Likoma, cimene cinayamba kumangidwa mu 1903, cikupemphereredwabe. Koma Fort Mangochi, imene inasowa nchito asilikari atacoka, yatsala makoma okha m'phiri.

Cifukwa cace ncapafupi. Munthu wokhala m'nyumba amaona dontho loyamba, amamva fungo la cinyezi, amatsegula mazenera, amasesa njira ya ciswe isanafike ku denga, ndipo mbala imaopa nyali yace. Cotero chalichi cakale cimene mpingo waturukamo cipatsidwe nchito ina yoyenera ulemu wace: Sande sukulu, msonkhano wa amai a Cigwirizano, malo owerengera mabuku, kapena cipinda cosungira zithunzi ndi makalata a mbiri ya dera. Balani lakale likhoza kukhala nkhokwe ya kalabu ya alimi. Nchito iri yonse imene siifuna kugumula makoma iposa loko pa citseko.

ZIMENE ENA ACITA

Anthu a maiko ena anakumana ndi bvuto lomweli. Mu mzinda wa Djenné ku Mali muli mzikiti waukuru wadothi umene unamangidwa mu 1907. Caka ndi caka anthu a mzinda wonse amasankha tsiku, ena aponda matope, ena atunga madzi, ena akwera pa makoma namata mzikiti wonse. Ndipo ana amaphunzira luso poonerera akulu. Ku Netherlands, mu 1973, kunayambika bungwe lochedwa Monumentenwacht: eni nyumba zakale amalipira kandarama ka pa caka, ndipo amisiri amabwera ndi makwerero kudzayendera denga ndi ngalande, kukonza tating'ono pomwepo, ndi kusiya lipoti la zofunika kucita. Ku Uganda, nyumba yaikuru yaudzu ya manda a mafumu a Buganda pa Kasubi, yomangidwa mu 1882, inapsa ndi moto mu March 2010, ndipo kuimanganso kunatenga zaka zoposa 10. Njira ziwiri zoyambazo ndi zotsika mtengo, ndipo Kasungu akhoza kuzitsata. Yacitatuyo ionetsa mtengo wa kubwezera cimene catayika.

Nzeru imeneyi si yacilendo pa cigwa cino. Palibe mlimi wa fodya amene amadikira kuti masamba akhwime ndipo kenaka ayambe kuyang'ana cigafa cace. Amaciyendera nthawi ikalipo, amasintha nsanamira yofumbwa, amafolera pobooka, cifukwa adziwa kuti dontho limodzi liononga nchito ya caka conse. Amai amazira nyumba ndi kumata nkhokwe pa nyengo yace popanda kalata yocokera ku Lilongwe. Cofunika ndi kutenga mwambo womwewu ndi kuuika pa nyumba zimene ziri za onse.

ZIMENE BUNGWE LINGACITE

Msonkhano ukupemphedwa kuganizira mfundo zisanu ndi imodzi izi.

1. Nthambi iri yonse ya Bungwe, mothandizana ndi Mafumu, Abusa ndi Aphunzitsi, ilembe mndandanda wa nyumba ndi malo akale a m'dera lace: dzina, mwini wace, caka cimene inamangidwa ngati cidziwika, zipangizo zace, ndi zithunzi za mbali zonse zinai. Acikulire amene anaphunzira, anabatizidwa kapena anagwira nchito m'nyumbazo afunsidwe akali moyo, ndipo mau ao alembedwe.

2. Pa nyumba iri yonse pasankhidwe munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, movomerezana ndi mwini nyumba, amene adzasunga buku la nyumbayo. M'bukumo mulembedwe cimene caoneka, cimene cakonzedwa, tsiku lace, ndi mtengo wace. Ndipo bukulo litsale pa malopo pamene Mbusa kapena mphunzitsi wasamutsidwa.

3. Nyumba iyenderedwe kawiri pa caka: mu April, mvula itangotha, pamene madontho akali kuoneka pa makoma, ndi mu September, mvula isanabwere. Woyendera akwere m'denga, agogode mitanda, ayang'ane misomali ndi ngalande, ndipo ayeze ming'alu ndi kulemba kukula kwace kuti caka camawa adziwe ngati ikukula.

4. Mu September mukhale tsiku limodzi la nchito ya onse, la kulambula udzu mozungulira nyumba, kuzula timitengo pa makoma, kutsegula ngalande, kucotsa dothi logundana ndi khoma, ndi kukhoma malata ogwedera. Ana a sukulu akhalepo kuti aone ndi kumva mbiri ya malowo.

5. Copereka ca nchito imeneyi cisonkhedwe pa nthawi ya msika wa fodya, cisungidwe pa cokha, ndipo cigwiritsidwe nchito caka comweco. Msungi wa cuma aonetse m'Lipoti la caka zimene zinagulidwa.

6. Pasakhale kumata simenti, kusintha mazenera kapena kugumula khoma la nyumba yakale popanda kufunsa mwini wace ndi Dipatimenti ya Museums and Monuments. Amisiri acikulire odziwa matope ndi njereza afunidwe, ndipo pa nchito iri yonse apatsidwe anyamata awiri kapena atatu oti aphunzire kwa iwo.

Mfundo izi sizidzaimiritsa nyumba imene yagwa kale, ndipo pali nchito zina, monga khoma lopendekeka kapena maziko otitimira, zimene zifuna injiniya ndi ndarama za Boma kapena za Sinodi. Koma ngakhale pamenepo, Bungwe lokhala ndi mndandanda, zithunzi ndi buku la zaka zingapo lidzamvedwa msanga kuposa munthu wongodandaula pakamwa. Mutu umodzi susenza denga. Mafumu, mipingo, Khonsolo ndi mamembala a Bungwe akagawana katunduyu adzapeza kuti ndi wopepuka kuposa momwe amaganizira.

Mwana wa mu 1863 ankadutsa pa cipata ca linga la Mwase tsiku ndi tsiku osaganiza kuti adzukulu ace adzafunsa pamene cinali. Ana a lero akudutsa pa makoma a Chilanga, pa mabalani a maesiteti ndi pa nyumba zakale za pa Boma ndi mtima womwewo. Ngati msonkhano ubvomereza, mayendedwe oyamba acitike mu September akudzayu, ndipo Lipoti la caka camawa lichule maina a nyumba zimene zapeza woziyang'anira.